Mankhwala Alipo, Koma Bwalo Liri Kuti?

Pakati pa mzinda wa Kabwe pali mkuyu waukulu umene apaulendo anali kupumulapo kale, dzina la mzindawo likali Broken Hill. Makolo anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu uwayenera anyamata ndi atsikana ambiri amene apita pansi pa mtengowo masiku ano. Kunja aoneka abwino, abvala zoyera, apereka moni mwaulemu; koma m'kati mwao muli cinthu cimene ciwadya usana ndi usiku. Cinthuco ndi nthenda ya cisoni, imene madotolo amati depression. Akulu a mzindawo aileka kuti idye ana ao, cikhalireco ena mwa mankhwala ace safuna ndalama zambiri.

Nthendayi isiyana ndi cisoni ca maliro kapena ca kulephera mayeso, cimene cimabwera ndi kupita. Iyo ikhalitsa masabata ndi miyezi. Mwana amene anali wansangala ayamba kudzitsekera m'nyumba; nsima siimkomera; tulo timthawa, kapena agona kufikira dzuwa liri pamutu; zimene anazikonda kale azitaya; apsa mtima pa kanthu kakang'ono, nadziyesa munthu wopanda pace. Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linena kuti mwa ana 7 ali onse a zaka 10 kufikira 19, mmodzi ali ndi nthenda ina ya maganizo, ndi kuti kudzipha kuli pakati pa zinthu zazikulu zimene zitha anthu a zaka 15 kufikira 29. Koma pa makomo ambiri mwana wotere amati ndi waulesi, wamwano, kapena wolodzedwa. Wotsiriza sukulu ndiye asowa pogwira koposa: belu laleka kumuitana m'mawa, anzace abalalika, ndipo nchito yasowa m'mzinda umene mgodi wace unatsekedwa m'caka ca 1994. Tsiku lace likhala lalitali ngati cilimwe, ndipo kacasu ndi njuga zimuyembekeza pa mphambano.

Tsono mankhwala osafuna ndalama zambiri aja ndi ati? Ndiwo kuthamanga, kumenya mpira, kudumpha cingwe, kubvina, ndi masewera ena onse otulutsa thukuta. Izi si nkhambakamwa ai. M'caka ca 2023 akatswiri a ku University of Hong Kong anasonkhanitsa zofufuza 21 zocitika m'maiko osiyanasiyana, zokhudza ana ndi acinyamata 2,441, nazifalitsa m'magazini ya madotolo ya JAMA Pediatrics. Anapeza kuti amene anaikidwa m'masewera olimbitsa thupi, zizindikiro za nthenda ya cisoni zinacepa mwa iwo kuposa mwa anzao amene sanaikidwemo, ndipo phindu linaoneka lalikulu mwa a zaka 13 ndi kupitirira. Ku England bungwe la NICE, limene lilangiza madotolo, linalemba kuti mwana wodwala nthendayi alimbikitsidwe kulowa m'masewera okonzedwa bwino kufikira katatu pa sabata, mphindi 45 kapena ola limodzi, kwa masabata 10 kufikira 12.

Palibe matsenga m'zimenezi. Munthu wa nthenda ya cisoni ali ngati mbuzi yomangidwa pa cikhomo: maganizo ace azungulira pamodzimodzi, pa kulephera kwace ndi pa zimene anthu amnenera. Koma mpira ukabwera kwa iye ayenera kuuyang'ana, ndipo kwa kanthawi cingwe cija cimasuka. Thupi lotuluka thukuta lifuna cakudya, ndipo usiku ligona tulo teniteni. Tulo tikabwerera, maganizo ayamba kukhazikika. Amene dzulo anazungulira bwalo kawiri ndipo lero walizungulira katatu, wapeza umboni wakuti iye si munthu wacabe. Coposa zonse, pa bwalo pali anthu amene amuyembekeza, nafunsa za iye akapanda kuoneka.

Adani a mankhwala amenewa ali a mitundu iwiri. Oyamba ndi aja amene ati, "Masewera sadyetsa munthu, mwana agwire buku." Kholo lotere likwapula mwana wobwera ndi miyendo yotuwa, ndipo mphunzitsi wamkulu wotere alanda nthawi ya masewera naipereka ku masamu mayeso akayandikira. Iwo ayesa kuti alikuthandiza mwanayo. Koma mutu wosagona tulo suwerenga, ndipo mtima wolema sugwira phunziro ngakhale mwini wace akhale pa desiki kufikira usiku. N'zodabwitsa kuti mau otere amveka mu Kabwe, mzinda umene unapfuula mokondwa m'caka ca 1972, pamene Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anacinya zigoli 107 m'caka cimodzi. Bwalo la mpira la a njanji lidziwika tsopano ndi dzina lace. Anthu alemekeza ngwazi imene inakula, nakaniza mwana wao mpira wa mapepala umene ngwazi zimayambira.

Mtolo wolemera wa maganizo amenewa ugwera atsikana. Zofufuza za WHO zofalitsidwa m'caka ca 2019 zinasonyeza kuti mwa ana a sukulu a zaka 11 kufikira 17 pa dziko lonse, atsikana 85 mwa 100 ndi anyamata 78 mwa 100 salimbitsa thupi mokwanira. Ndipo madotolo adziwa kuti ana akatha msinkhu, nthenda ya cisoni igwira atsikana ambiri kuposa anyamata. Mai wina adzati, "Mwana wanga atunga madzi, asinja, akolopa, kodi si kulimbitsa thupi kumeneko?" Nchito ya pakhomo iri ndi ulemu wace, koma nchito yotumidwa, yocitidwa payekha pakati pa zokalipira, itopetsa thupi osamasula mtima. Mtsikana afunikanso nthawi yace ya mpira wa manja, ya waida, ya cimtali pakati pa anzace. Barbra Banda, amene anacinya zigoli zitatuzitatu m'masewera awiri otsatizana ku Tokyo m'caka ca 2021, akanatsekeredwa ku maphikiro, Zambia sakanamva dzina lace.

Adani aciwiri ndi oopsa koposa, cifukwa mau ao amveka anzeru. Iwo anamva kuti masewera aciza, tsono aona mwana wacisoni nati, "Pita ukathamange, zidzatha." Atatero asamba m'manja. Komatu nthendayi iyamba ndi kulanda munthu mphamvu yodzidzutsa yekha. Kumuuza kuti angopita kuli ngati kuuza wothyoka mwendo kuti ayende wapansi kunka ku cipatala. Cimene akatswiri aja anayesa sikunali kuthamangitsa mwana pakhomo ai, koma masewera a masiku oikika, okhala ndi wowatsogolera. Ndipo mu Kabwe muli funso lina limene olankhula mopepuka salifunsa: akathamange kuti?

Mgodi wa mtobvu ndi zinki unagwira nchito zaka pafupifupi 90, nusiya phiri la zotsala limene anthu amati Black Mountain. M'miyezi youma mphepo inyamula pfumbi lace nilitsira pa makomboni ozungulira. M'caka ca 2015 Dr John Yabe wa pa University of Zambia pamodzi ndi anzace anafalitsa zimene anapeza atapima mwazi wa ana aang'ono 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu: onsewo anali ndi mtobvu woposa muyeso umene madotolo ayambira kuda nao nkhawa. WHO inena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'mwazi umene ungayesedwe wabwino. Mtobvu uononga ubongo wa mwana, ucepetsa nzeru za kuphunzira, nusokoneza khalidwe. Wothamanga apuma mwamphamvu, ndipo mapazi a osewera autsa pfumbi limene ang'ono ao oonerera m'mbali alimeza. Cotero kutuma mwana ku bwalo la dothi lokhalokha pafupi ndi mgodi ndiko kumpatsa mankhwala abwino m'cikho ca ululu.

Asanene munthu kuti za Kabwe sizidziwika kwa akulu. M'caka ca 2016 World Bank inabvomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera malo oonongeka ndi migodi mu Kabwe ndi ku Copperbelt. M'caka ca 2020 mlandu unatulidwa m'khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi akazi a mu Kabwe, wosumira kampani ya Anglo American, imene ikana mlanduwo; m'caka ca 2023 khotilo linakana kuti uzengedwe monga mlandu wa gulu, ndipo odandaulawo anacita apilo. Milandu ndi ngongole ziyenda ulendo wa birimankhwe. Koma mnyamata wa zaka 17 amene wadzitsekera m'nyumba lero sangayembekeze oweruza. Unyamata subwera kawiri.

Zofunika kucita si zakuya. Khonsolo ya mzinda ipatule bwalo limodzi m'komboni iri yonse, ipime dothi lace, ilikwirire ndi dothi labwino locokera kutali ndi mgodi, ibzalepo kapinga ndi kumthirira. Ndipo bwalolo lilembedwe m'mabuku kuti wina asadzaligawe mapoloti. Masukulu okhala ndi mabwalo a udzu atsegule zipata zao madzulo kwa amene anatsiriza maphunziro, pakuti mwana saleka kukhala wa mzindawo tsiku limene wabvula yunifomu. Nthawi ya masewera isalandidwenso. Machalichi, amene ali ndi malo ndi magulu a acinyamata, aike tsiku la mpira pambali pa tsiku la kwaya. Namwino wa pa kiliniki akapeza mwana wacisoni, adziwe gulu limene angamtumizeko ndi dzina la wolitsogolera. Mtengo wa zonsezi ngwocepa pouyerekeza ndi mtengo wa bokosi limodzi la maliro a mwana wodzipha.

Koma coonadi cinenedwe conse. Masewera sali mankhwala a nthenda iri yonse ya maganizo, ndipo salowa m'malo mwa dotolo. Mwana amene waleka kudya masiku ambiri, amene adzibvulaza, kapena amene anena za kufa, apite naye ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha. Kumeneko kuli uphungu, ndipo kwa odwala kwambiri kuli mankhwala akumwa. Nambala ya 116 ya Childline iimbidwa kwaulere. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la atsamunda, lipatsa wodwala maganizo ufulu wa kuthandizidwa mwaulemu. Kupita ku cipatala si cizindikiro ca misala. Ndipo popeza cipatala ca Chainama ciri ku Lusaka, makilomita pafupifupi 140 kucokera ku Kabwe, nzeru ndiyo kugwira nthenda ikali yaing'ono. M'mera mpoyamba.

Otsiriza sukulu nawonso ali ndi gawo lao, ndipo sayenera kudikira kufikira akulu atadzuka. Anyamata kapena atsikana khumi angathe kupangana masiku atatu pa sabata, kusankha malo a udzu otalikirana ndi phiri lija, ndi kusamba m'manja ndi kumaso asanakhudze cakudya. Gulu lotere lisafune odziwa mpira okha. Nchito yace yaikulu ndiyo kugogoda pa citseko ca mnzao amene waleka kuoneka, kumdikira abvale, ndi kupita naye, ngakhale tsiku loyamba angokhala m'mbali. Akakana lero, abwererenso mawa. Ndipo gulu lomwelo lilembe kalata kwa khansala wa dera lao, yokhala ndi maina ao onse, yofunsa funso limodzi lokha: bwalo lopanda mtobvu la ana a m'komboni muno lidzakonzedwa liti, ndipo lidzakhala pati? Khansala akapanda kuyankha, alembe ina.