Sukulu zisamange nkhokwe m'munda wobwereka

Amene anaphunzira zaka za m'mbuyomu akukumbuka magazini a pasukulu. Mphunzitsi ankataipa nkhani usiku, m'mawa ophunzira n'kumazunguza makina osindikizira mpaka manja kuda ndi inki. Makope ankakhala owerengeka ndipo sankapitirira mudzi woyandikana nawo. Lero ndakatulo ya mwana wa Folomu 2 ku Ntchisi ingathe kuwerengedwa ndi malume ake ku Johannesburg tsiku lomwelo, ngati sukulu yake yaiika pa intaneti. Uwu ndi mwayi waukulu, koma ukufunika nzeru posankha poika zolembazo.

Njira zilipo zingapo. Yapafupi ndi tsamba la Facebook, pakuti makolo ambiri okhala ndi foni amalidziwa kale. Vuto lake nlakuti nkhani ya lero imakwirira ya dzulo, kotero kuti mphunzitsi wofuna phunziro limene analemba chaka chatha amavutika kulipeza. Njira ina ndi Blogger, imene inayamba mu 1999, kapena WordPress, ya mu 2003, kapenanso Google Sites. Izi zimalola kusanja zolemba m'magawo popanda kulipira, koma malowo ndi a eni ake. Njira yachitatu ndi yoti sukulu ilembetse dzina lakelake, monga lothera ndi .mw, chizindikiro cha dziko la Malawi, ndi kumalipira chaka ndi chaka.

Tisaiwale zimene zinachitikira aphunzitsi a m'maiko ena. Ambiri anaika maphunziro awo ndi ntchito za ana pa Wikispaces, malo amene ankapatsa aphunzitsi danga laulere. Mu 2018 eni ake anatseka malowo, ndipo amene sanakopere zolemba zawo nthawi ilipo anatsala manja m'khosi. GeoCities nayo inatsekedwa mu 2009. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Nchifukwa chake tikunena kuti sukulu isankhe njira imene thumba lake lingakwanitse, koma chilichonse choikidwa pa intaneti chikhale ndi kope lake mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Mawu achinsinsi otsekulira tsambalo asakhale m'mutu mwa mphunzitsi mmodzi yekha, chifukwa aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo tsamba lingapite ndi munthu. Awadziwe mphunzitsi wamkulu ndi wachiwiri wake, ndipo aziperekedwa kwa wolowa m'malo pamodzi ndi makiyi a ofesi.

Nkhani ina yofunika ndi chitetezo cha ana. Chimene chaikidwa pa intaneti chimaonedwa ndi abwino ndi oipa omwe, ndipo kuchichotsa nkovuta. Chithunzi cha mwana chisatuluke makolo asanavomere. Dzina lonse la mwana, mudzi wake ndi malikisi ake zisalembedwe poyera. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la mu 2024, ndipo oyendetsa sukulu ayenera kulidziwa. Pakhale mphunzitsi amene ndi mkonzi, woona nkhani iliyonse isanatuluke, monga zinkakhalira ndi magazini aja.

Tikupemphanso kuti ana alembe m'Chichewa ndi m'zinenero zathu zina. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zopitirira 6 miliyoni, pomwe ya Chichewa ili ndi zochepa zomvetsa chisoni. Palibe mlendo amene adzatilembere za kalimidwe ka fodya ku Kasungu kapena za usodzi wa pa Nyanja ya Chilwa monga angalembere mwana wokulira kumeneko. Mwana wodziwa kuti agogo ake akamva zimene walemba amasamala kalembedwe kuposa wolembera mphunzitsi yekha.

Inu alangizi a maphunziro, inu a m'makomiti a sukulu, mukadzafika pasukulu imene ili ndi tsamba pa intaneti, funsani mafunso atatu awa: kope lili kuti, mawu otsekulira akusunga ndani, ndipo makolo anavomera? Pamene mayankho palibe, ntchito ya ana athu ili pachiswe.