Cigar Yodula Nayonso Ndi Fodya

Anyamata a ku Nottie Broadie amene amagwira nchito m'mahotela a ku Mosi-oa-Tunya amaona alendo olemera akukoka cigar, ndudu yaikulu ija yamtundu wa khofi. Ena amafika nayo kukomboni n'kumanena kuti iyi si yoopsa, popeza ilibe pepala ndipo utsi wake sumezedwa. Ganizo limeneli n'lolakwika.

Kunena zoona, cigar ya ku Cuba monga Cohiba kapena Montecristo imapangidwa mwaluso. Amaikulunga ndi manja. Mkati amaika masamba aatali, amawamanga ndi tsamba lina, ndipo pamwamba amavekapo tsamba losalala lopanda cilema. Asanatero, masambawo amawaunjika kwa milungu yambiri kuti avunde pang'ono, ndipo m'pamene pamacokera kafungo konga ka khofi ndi matabwa kamene okoka amatamanda.

Koma kuvunda komweko kumacurukitsa poizoni wocedwa nitrosamine, amene amayambitsa khansa. Tsamba lapamwamba lija sililola mpweya kulowa bwino, motero fodya sapsa mokwanira ndipo utsi umacuruka carbon monoxide. Cigar imodzi yaikulu ingakhale ndi fodya wofanana ndi paketi yonse ya ndudu 20, ndipo imatha ola lathunthu ikufuka.

Nanga zosameza utsi? Nikotini wa mu cigar amalowa m'magazi kudzera m'kamwa momwe. Utsiwo umatsuka milomo, lilime ndi kum'mero, ndipo kumeneko n'kumene khansa imayambira. Mu 1998 bungwe la National Cancer Institute ku America linafotokoza kuti cigar imabweretsa khansa ya m'kamwa, ya kum'mero ndi ya m'mapapo. Sigmund Freud, dokotala wochuka amene sankasiyana nayo, anacitidwa maopaleshoni oposa 30 a khansa ya m'kamwa asanamwalire mu 1939. Ngakhale Fidel Castro, mwini dziko la cigar, anaileka mu 1985.

Mu 2008 boma la Zambia linaletsa kukoka fodya pamalo a anthu ambiri. Lamulolo silifika m'cipinda cogona, mmene mayi ndi ana amapuma utsi wa bambo, kaya ndi wa cigar, wa ndudu kapena wa balani.

Munthu amene ali ndi cilonda m'kamwa cosapola kwa milungu itatu, kapena amene mawu ake asasa osabwerera, apite kukliniki msanga. Akacedwa, ulendo umakhala wa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 450.