Za Paulendo: Kuchokera ku Metangula Kukafika ku Blantyre

Ife a m'mbali mwa nyanja kuno ku Lago, tikati tikupita ku Malawi timaganiza za bwato la ku Cobue lowolokera ku Likoma. Koma matenda ena sathera ku chipatala cha St Peter's; amafuna chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo banja limapeza galimoto n'kunyamuka pa msewu. Mawu a mwezi uno ndi a inu amene mudzagwira chiwongolero muli ndi wodwala kumbuyo.

Njira yake ndi yokwera mapiri kudzera pa Maniamba mpaka ku Lichinga, kenaka msewu wa N13 mpaka ku Mandimba. Mudzaze mafuta kumeneko, pakuti m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 mafuta anasowa ku Malawi, anthu n'kumagona pa mizere. Pa chipata cha Chiponde mufike dzuwa likadali m'mwamba, mutatenga pasipoti, laisensi, mapepala a galimoto ndi kalata ya chipatala. Galimoto ya ku Mozambique imafuna chilolezo cholowera ndi inshulansi yogwira ntchito m'Malawi. Apolisi a pa rodibuloko adzafunsa zimenezi, ndipo sadzaleka chifukwa choti wodwala akubuula.

Mukapitirira Namwera msewu umatsika phiri mokhotakhota kulunjika ku Mangochi. Tsikani ndi giya yaing'ono. Mabuleki opondedwa osalekeza amatentha, ndipo akatentha sagwiranso. Mukawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, msewu wa M3 udzakufikitsani ku Liwonde, ku Zomba, kufikira ku Limbe.

Mayeso enieni ali pamenepo. Mayiko onse awiri amayendetsa kumanzere, choncho lamulo silisintha. Chosintha ndi khamu. Kuyambira ku Limbe, msewu wa Masauko Chipembere umadutsa pa Maselema ndi pa Chichiri kukafika pa Ginnery Corner, pamene pali chipatalacho. Minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, mwina osayatsa n'komwe indiketa. Akabaza a njinga zamoto amatulukira mbali imene simukuyang'ana, ndipo ogulitsa malonda amayenda pakati pa galimoto ngati ali pabwalo la kwawo. Msodzi wa ku Messumba amazindikira mwera usanafike poona mmene madzi akusinthira patali. Chitani chomwecho: musayang'ane galimoto ya patsogolo panu yokha, koma yachitatu ndi yachinayi, ndipo musiye mpata woti mnzanu akaima mwadzidzidzi inu muime bwino.

Pa raundabauti, amene akuchokera kudzanja lamanja ndiye ayambe kudutsa. Mukaphonya potulukira, zungulirani kachiwiri. Palibe manyazi pamenepo, ngakhale a kumbuyo aimbe hutala. Ine ndimaona kuti alendo ambiri sagundidwa chifukwa chosadziwa njira, koma chifukwa chofuna kukonza cholakwa mwaphuma, kukhota mwadzidzidzi kapena kubwerera chammbuyo. Amene wakhala kumpando wakutsogolo ndiye awerenge zikwangwani ndi kuyankha foni. Woyendetsa maso akhale pa msewu.

Nthawi yolowera mumzinda musankhe bwino. M'mawa anthu akupita kuntchito ndi madzulo akuweruka, mtunda waufupi wa Limbe ndi Ginnery Corner umadya nthawi yochuluka, ndipo wodwala amavutika ndi kutentha. Ngati mdima wakupezani ku Liwonde kapena ku Zomba ndipo wodwala angathe kupirira, gonani komweko, munyamuke mochedwerako kuti mukalowe mu Limbe cha m'ma 10 koloko.