Fumbi Losaoneka Lizipimidwa

Aliyense amene adadutsapo pamalo omanga nyumba mumzinda wa Lilongwe kapena Blantyre adaonapo mnyamata atawerama, akudula matailosi kapena mabuloko a simenti ndi makina, mutu wonse uli mbuu! Ambirife timangoti fumbilo akasamba lichoka. Ine ndikuti fumbi limeneli liyenera kupimidwa, chifukwa loopsalo silioneka ndi maso.

Mumchenga, konkire, njerwa ndi miyala mumapezeka silika. Makina akamadula zinthuzi amatulutsa tizidutswa tochepetsetsa, tosakwana mamaikulomita 10. Fumbi lalikulu limatsakamira m'mphuno ndi kukhosi, koma timeneti timalowa mkatikati mwa mapapo n'kusiya zipsera. Matenda ake, silikosisi, sachizika, ndipo amaika munthu pachiopsezo chodwala chifuwa chachikulu. Kawirikawiri munthu amayamba kubanika patapita zaka, abwana ake atamuiwala kale.

Kapimidwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Wantchito amamangirira kapampu m'chiuno, ndipo kapaipi kake kamathera pakolala, pafupi ndi mphuno. Tsiku lonse kapampuko kamakoka mpweya womwe iye akupuma n'kuudutsitsa pakasefa. Kasefako amakaika pasikelo ntchito isanayambe ndi ikatha, kenaka akatswiri kulabotale amapima kuchuluka kwa silika. Ku America, lamulo la mu 2016 limati silika asapyole mamaikulogalamu 50 pa kiyubikimita imodzi ya mpweya pa maola 8.

Ena anganene kuti zipangizozi n'zodula, kansalu kapamphuno n'kokwanira. Koma kansalu wamba sikatsekereza tizidutswa totere. Komanso popanda kupima, tingadziwe bwanji ngati kuthira madzi podulapo kwachepetsadi fumbi? Kusapima kumateteza thumba la wolemba ntchito, chifukwa wodwalayo amasowa umboni.

Amalawife phunziroli si lachilendo. Agogo athu ambiri adapita ku migodi ya golide ya ku South Africa pa TEBA, ena n'kubwerako akutsokomola. Mu 2018 makampani a migodiyo adavomera kulipira chipepeso cha marandi 5 biliyoni kwa odwala silikosisi ndi chifuwa chachikulu, koma ambiri mwa iwo adali atatisiya kale.

Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 1997 loteteza umoyo wa anthu pantchito. Oyendera malo antchito apatsidwe timapampu timeneti, ndipo zotsatira zake aziuzidwa antchito eni ake. Paja madzi akatayika saoleka. Mapapo nawo akaonongeka sabwerera mwakale.