Musanagulitse gawo la malonda anu, yambani mwawelengela

Acinyamata ambili masiku ano amaonelela tumavidiyo twa Shark Tank pa foni. Munthu amalowa m'cipinda atanyamula katundu wake, n'kuima pamaso pa anthu olemela. Amafotokoza zimene wapanga, kenako amachula ndalama zimene afuna ndi gawo la kampani limene adzapeleka posinthana ndi ndalamazo. Pulogalamuyi inayamba ku America mu 2009, koma inacokela ku Japan, ndipo ku Britain amaicha Dragons' Den. Kuno kwathu mwambowu unafika kale. Ku Lusaka, BongoHive imaphunzitsa acinyamata kufotokoza malonda awo kwa anthu a ndalama, ndipo ena amalembela ku Tony Elumelu Foundation ya ku Nigeria, imene imapeleka madola 5,000 kwa amalonda osankhidwa mu Africa.

Palibe colakwa ndi kufunafuna mpamba. Cimene cimandidetsa nkhawa n'cakuti timaphunzila kukamba mokoma, koma sitiphunzila kuwelengela zimene tikupeleka.

Mwezi watha, pa pulogalamu yathu ya amalonda pa wailesi, ndinaceza ndi amayi ena a kuno ku Chipata amene amapanga ciponde. Amagula nshawa kwa alimi, amakazinga, amagayitsa, n'kuika m'mabotolo. Anandiuza mosangalala kuti abambo ena a ku Lusaka analawa ciponde cawo ndipo afuna kuwapatsa K30,000 yogulila makina ogayila. Iwo adzatenga theka la malondawo. Nditawafunsa kuti, "Nanga amayi, pa botolo limodzi mumapeza phindu la zingati?" anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndalama zimalowa n'kutuluka. Cacikulu ana adya."

Tiyeni tiwelengele limodzi. Munthu akapeleka K30,000 n'kutenga theka, ndiye kuti wanena kuti zonse zimene amayiwa amanga kwa zaka zambili, dzina lawo, makasitomala awo ndi luso lawo, n'zokwana K30,000 cabe. Tiyelekezele kuti makina akabwela phindu lidzakhala K3,000 pa mwezi. Abambo aja adzalandila K1,500 mwezi uliwonse. Pakapita miyezi 20 ndalama zawo zonse zabwelela, koma theka lija likali lawo. Caka cacisanu adzalandilabe, caka cakhumi cimodzimodzi. Nkhongole imatha ukamaliza kubweza. Gawo silitha.

Apa ndi pamene ambili timasokonezeka, cifukwa ndalama zonse timangozicha "thandizo". Koma zili mitundu itatu. Pali ndalama zongopatsidwa, monga zina zimene magulu a amayi ndi acinyamata amalandila kudzela mu CDF, imene boma linaikweza kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse mu 2022. Pali nkhongole, monga za ku CEEC, ku banki kapena ku village banking, zimene umabweza ndi ciwongoladzanja. Ndiye pali ndalama za munthu wogula gawo. Ameneyu sakukubweleka, ndiponso sakukupatsa mphatso. Akugula mbali ya munda wako pamodzi ndi zokolola za zaka zonse zam'tsogolo.

Sindikunena kuti wogula gawo ndi wakuba. Nayenso amaika ndalama zake pangozi. Malonda akagwa, ndalama zake zapita, ndipo sangabwele kudzanyamula filiji kapena mipando monga amacitila a kaloba. Wogula gawo wabwino amabweletsanso zinthu zimene ndalama pazokha sizigula: amadziwa njila yopezela cizindikilo ca ZABS, amadziwa anthu ogulila masitolo akuluakulu, amadziwa kumene mabotolo amachipa. Theka la malonda ogulitsa ku Lusaka ndi ku Copperbelt lingapose malonda athunthu ogulitsa pa msika umodzi. Koma amene angadziwe ngati mtengo wake uli bwino ndi uja cabe amene amadziwa manambala ake.

Ngakhale pa Shark Tank, kugwilana canza kuja si mapeto. Makamela akazimitsidwa, olemela aja amayamba kufufuza mabuku a kampani, ndipo mapangano ambili amasintha kapena kuthelatu. Iwo salipila mau okoma. Amalipila zimene zalembedwa.

Conco musanakaime pamaso pa munthu wa ndalama, gulani kope. Kwa miyezi itatu lembani ciliconse: nshawa, mcele, malasha, mabotolo, cigayo, thilansipoti, ngakhale botolo limene munapatsa apongozi. Lembaninso malipilo anu, cifukwa thukuta lanu si laulele. Mukatelo mudzadziwa phindu lenileni, ndipo mwina mudzapeza kuti cilimba ca miyezi ingapo cingagule makina omwewo popanda kugulitsa gawo lililonse. Ngati mwasankhabe kugulitsa, lembetsani kampani ku PACRA kuti magawo adziwike mwalamulo. Pangano likhale lolembedwa, ndipo linene amene adzasaina ku banki, nthawi yogawana phindu, ndi mtengo umene mungaombolele gawo lanu tsiku lina. Munthu amene akana kulemba zimenezi wakuuzani kale khalidwe lake.

Ndili ndi pempho kwa okonza mipikisano ya amalonda. Nthawi zambili amapambana ndi amene amathamanga Cizungu m'mphindi zocepa zija, pamene amayi amene agulitsa kwa zaka khumi amacita cibwibwi n'kukhala pansi. Lolani anthu akambe m'Cinyanja, Cinsenga kapena Citumbuka, ndipo muwathandize kuwelengela tsiku la mpikisano lisanafike. Mukufuna wodziwa malonda, osati wodziwa kuyankhula.

Amayi a ciponde aja anandiimbila foni sabata yatha. Anagula kope, ndipo mdzukulu wawo wa giledi 9 ndiye amalemba madzulo alionse. Apeza kale kuti mabotolo aang'ono amawagulitsa pafupifupi popanda phindu. Abambo a ku Lusaka awauza kuti ayembekezele mpaka miyezi itatu ikwane. Kaya adzavomela theka, kaya adzapeleka gawo locepa, kaya adzakana, n'zawo. Koma ulendo uno adzakhala pa tebulo akudziwa mtengo wa cimene anyamula.