Mulanje akutumiza ana ake ku mzinda wopanda ntchito

Mulanje ndi boma lozolowera kupereka. Tiyi wothyoledwa ku Lujeri, Lauderdale ndi Ruo amakagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe. Madzi a mu Likhubula anawaikira mapaipi kuti azikamwedwa ku Blantyre. Zinanazi zimapita zosasenda. Ndiye ana athu nawonso akangolemba MSCE amakwera minibasi pa Chitakale, ulendo wa mu msewu wa Midima, kukasaka ntchito m'tauni.

Vuto ndi lakuti Blantyre amene akumulondolayo ndi wa m'nthano za makolo awo. Kale munthu ankatsika basi ku Limbe, mlungu usanathe wapeza pogwira, kaya ku David Whitehead, kaya ku njanji, kaya m'mafakitale a ku Makata. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene makampani aboma ankagulitsidwa ndipo katundu wakunja anadzaza m'misika, zipata zija zinayamba kutsekeka chimodzichimodzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja n'kumasowanso, makampani amene anali atatsala anayamba kuchepetsa antchito m'malo molemba atsopano. Pa geti pamangokhala chikwangwani chakuti ntchito palibe.

Koma mukamva ziwerengero za ulova simungadziwe kuti zinthu zafika apa. Owerengera amatsata lamulo lakuti munthu amene wagwira ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi pa mlungu si lova. Choncho mnyamata wa kwa Mabuka amene akupalasa kabaza ya njinga yobwereka ku Bangwe ali pa ntchito. Mtsikana wogulitsa mandasi ku Ndirande, amene phindu lake silikwana lendi ya chipinda chimodzi, nayenso ali pa ntchito. Papepala zikuoneka bwino, koma m'mbale mulibe kanthu. Ine izi zimandiwawa, chifukwa vuto losawerengedwa silipeza malo mu bajeti.

Nanga akanatsala kumudzi? Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 680,000 m'boma lino, ndipo malo abwino ambiri ali pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda. Bambo wa kamunda kosakwana ekala agawira bwanji ana asanu? Ntchito ya kuesiteti imachuluka mvula ikagwa, Disembala mpaka Epulo. Chilimwe chikafika ambiri amauzidwa kuti akayambe apuma. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anakokolola ngakhale timinda tomwe tinalipoto. N'chifukwa chake ena sakuimanso ku Limbe, akupitirira mpaka ku Joni, ena akungowoloka pa Muloza kukagwira ganyu ku Milange.

Mu 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni. Sindibwereza mkangano wakuti lonjezoli linakwaniritsidwa kapena ayi. Chimene ndikufunsa n'chaching'ono ndipo n'chotheka. Zinanazi, mapeyala ndi nthochi zikonzedwe konkuno, zituluke m'boma lino zili m'mabotolo ndi m'zitini. Alimi ang'onoang'ono a tiyi, monga a Sukambizi, athandizidwe kupakira tiyi wawo okha m'mapaketi. Alendo okwera phiri la Mulanje asamangosiya ndalama ya wonyamula chikwama basi.

Inu a khonsolo ya Mulanje ndi aphungu athu, pa msonkhano ukubwerawu tiuzeni chiwerengero cha achinyamata amene alembedwa ntchito yokhazikika m'boma lino chaka chino. Yambirani pamenepo.