Kudinda Zithunzi: Mwana Aseme Zimene Waona

Pa tebulo la mphunzitsi wamkulu wa sukulu iliyonse pamakhala chidindo. Tonse tachionapo chikugwira ntchito, koma ndi ochepa mwa ife amene anachitembenuzapo ndi kuyang'anitsitsa kunsi kwake, kumene malemba anasemedwa chobwerera kuti akafika pa pepala awerengeke bwino. Luso lonse la kudinda zithunzi lagona pamenepo. Munthu amasema chithunzi pa thabwa, pa labala kapena pa mwala, napaka inki pamwamba pake, nakanikizapo pepala. Malo amene wasema amatsala oyera, ndipo malo amene wasiya ndiwo amatuluka akuda. Chosema chimodzi chikhoza kubala zithunzi makumi angapo zofanana.

M'masukulu mwathu ambiri luso limeneli limathera pa kudula mbatata pakati ndi kudinda timaluwa m'mbali mwa pepala, kawirikawiri pa nthawi yomaliza ya Lachisanu ana atatopa kale. Ife tikuona kuti kumeneku ndi kutaya chuma. Maganizo athu ndi akuti mphunzitsi aliyense wotuluka pa koleji azidziwa kusema ndi kudinda, ndipo koposa zonse azilola ana kusema zinthu zimene anaziona ndi maso awo, m'malo mowakopetsa zithunzi za m'mabuku. Zifukwa zake tikuzipeza m'mbiri ya amisiri enieni, pofunsa mafunso awiri: kodi luso limeneli analiyamba bwanji, nanga zoti aseme ankazitenga kuti?

Tiyambe ndi anthu amene sanadziwe kuti adzakhala amisiri. M'chaka cha 1961 Peder Gowenius ndi mkazi wake Ulla anachoka ku Sweden kudzagwira ntchito pa chipatala cha mishoni cha Ceza, m'dziko la Azulu ku South Africa. Ntchito yawo inali yophunzitsa odwala ogonekedwa nthawi yaitali zaluso zamanja. Mmodzi mwa odwalawo anali mnyamata wina dzina lake Azaria Mbatha, ndipo m'chipatala momwemo ndimo anagwira koyamba kachitsulo kosemera linoleum, chinthu chofewa chimene chinapangidwira kuyala pansi m'nyumba. M'chaka cha 1963 ntchitoyo inasamukira ku Rorke's Drift pansi pa mpingo wa Lutheran, ndipo malowo anasanduka sukulu ya zaluso pa nthawi imene malamulo a tsankho ankatsekera anthu akuda makomo a masukulu otere. Mbatha ankasema nkhani za m'Baibulo, koma anthu a m'zithunzi zake ankakhala Azulu, ovala ndi kukhala monga anthu a kwawo, ndipo nkhaniyo ankaiyala m'mizere yotsatizana kuti munthu aiwerenge ndi maso.

Ku sukulu yomweyo kunafika John Muafangejo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kuchokera ku mishoni ya Anglican ya Odibo, kumpoto kwa Namibia. Iyeyu ankasema ng'ombe, mudzi wa makolo ake, moyo wa pa mishoni ndi zowawa zimene iye mwini anakumana nazo, ndipo pambali pa zithunzizo ankasemanso mawu ofotokoza nkhaniyo, lemba lililonse chobwerera. Anamwalira m'chaka cha 1987, koma chaka chotsatira zithunzi zake zinaikidwa pa bwalo la Wembley ku London, pa chikondwerero cha nyimbo chokumbukira kuti Nelson Mandela wakwanitsa zaka 70 akadali m'ndende.

Kutali kumpoto kwa Canada, m'mudzi wa Cape Dorset umene lero ukutchedwa Kinngait, lusoli linayamba ndi funso. James Houston amasimba kuti m'chaka cha 1957 mmisiri wosema minyanga, Osuitok Ipeelee, anayang'ana mapaketi a fodya nadandaulira munthu amene amajambula mutu womwewo pa paketi iliyonse. Houston anapaka inki pa mnyanga wosemedwa, nakanikizapo kapepala kopyapyala, ndipo chithunzi chinatuluka. Pofika 1959 mudziwo unatulutsa gulu loyamba la zithunzi zogulitsa. Mmodzi mwa ojambula ake anali mayi wina, Kenojuak Ashevak, amene luso lake linayambira pa kusoka zokongoletsa pa zikopa. Chithunzi chake cha kadzidzi, cha 1960, chinaikidwa pa sitampa ya dziko la Canada m'chaka cha 1970.

Nawonso akatswiri odziwika kale analowera pa khomo lochepa. Käthe Kollwitz wa ku Germany anali atajambula kwa zaka zambiri anthu osauka a ku Berlin amene ankabwera kwa mwamuna wake, dokotala. Mwana wake Peter anaphedwa ku nkhondo m'chaka cha 1914, ndipo mayiyo anavutika zaka zingapo kufuna njira yoonetsera chisoni chakecho. M'chaka cha 1920 anaona zithunzi zosema pa thabwa za Ernst Barlach, nazindikira kuti kuda ndi kuyera kokha, popanda zokometsera, ndiko kunayenera nkhani yakeyo. Zotsatira zake zinali zithunzi 7 za nkhondo, zoonetsa makolo, amayi amasiye ndi ana, osati asilikali opambana. Naye Pablo Picasso anayamba kusema linoleum mwakhama cha m'ma 1958, atapitirira zaka 75, chifukwa ankakhala kumwera kwa France, kutali ndi osindikiza a ku Paris, pamene pafupi naye ku Vallauris panali wosindikiza Hidalgo Arnéra amene ankadinda zikwangwani za zionetsero. Linoleum yomweyo ndiyo Franz Cižek ankapatsa ana aang'ono m'kalasi mwake ku Vienna kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Mbiri zimenezi zikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, aliyense wa anthu amenewa anafika pa lusoli kudzera mwa munthu wina amene anamuonetsa: mphunzitsi wa m'chipatala, mlendo wa pa mudzi, mmisiri mnzake, wosindikiza wapafupi. Mbatha sakadapempha kachitsulo kamene sanakaonepo. M'madera athu ambiri, munthu yekhayo amene angaonetse mwana zimenezi ndi mphunzitsi wa m'kalasi, ndiye kuti inuyo. Mukalephera, palibenso wina amene adzabwera pambuyo panu. Chachiwiri, palibe mmodzi mwa iwo amene anadikira nzeru kuti igwe kumwamba. Muafangejo anasema ng'ombe chifukwa anakulira pakati pa ng'ombe, Kenojuak anajambula mbalame za kwawo, ndipo Kollwitz anasema maliro amene anagwa m'nyumba mwake. Zoti aseme anazipeza pakhomo.

Apa ndipo chizolowezi chathu chokopetsa ana chimatilakwitsa. Mphunzitsi amajambula apozi kapena nyumba ya chumuni pa bolodi, ana makumi asanu ndi limodzi najambula zomwezo, ndipo amene wafananiza kwambiri ndiye amalandira malikisi ambiri. Tikumbukire za chipembere cha Albrecht Dürer. M'chaka cha 1515 katswiri ameneyu anajambula chipembere chimene chinafika ku Lisbon, ngakhale iye sanachione. Anadalira kalata ndi chojambula cha munthu wina. Chithunzicho chinali chokongola ndithu, koma anachiveka zikopa ngati malaya achitsulo ndi kanyanga kena pamsana. Popeza chinali chodinda, chinafalikira, ndipo kwa zaka zoposa 200 mabuku a ku Ulaya ankachikopa, cholakwa ndi chonse. Ngati kukopa kunasokeretsa anthu ophunzira kwa nthawi yonseyo, mwana wa sitandade 5 wokopa za pa bolodi akuphunzira chiyani? Akuphunzira kusakhulupirira maso ake.

Tikudziwa kuti pali zodandaula, ndipo sitizinyoza. Ena adzati zipangizo kulibe, ndipo ndi zoona kuti linoleum ndi inki yodindira sizipezeka m'masukulu ambiri. Koma labala wa mapatapata otha amasemeka bwino, chimodzimodzi chinangwa, mbatata, dongo louma pang'ono ndi timatabwa tofewa totsala kwa kalipentala. Makatoni odula ndi kumata pa katoni inzake amadindanso. Zitsulo za ambulera wotha zili ndi ngalande mkati, ndipo zikanoledwa ndi kuikidwa m'kamtengo zimasema mizere yoyera bwino. Mwaye wosakaniza ndi phala lopyapyala la chinangwa umapereka utoto wakuda, ndipo msana wa supuni umakwanira kukhutiza pepala. Anthu a ku Ghana akhala akudinda nsalu za adinkra ndi zidindo zosema pa zipanda.

Ena adzati mipeni ndi yoopsa m'manja mwa ana. Yankho lake ndi dongosolo. Ana aang'ono adinde ndi masamba, zingwe ndi makatoni amene mphunzitsi wadula kale. Okulirapo aseme m'magulu a anayi kapena asanu, mphunzitsi ali pomwepo, ndipo lamulo likhale limodzi losasinthika: dzanja logwira chosema likhale kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse. Zosemera ziwerengedwe potulutsa ndi pobweza.

Dandaulo lalikulu ndi la nthawi: mayeso ali pafupi, ndipo kusema sikudzamukhozetsa mwana masamu. Dandaulo limeneli lili ndi mphamvu, pakuti makolo amatumiza ana kusukulu ndi chiyembekezo choti adzasankhidwe. Komabe tiyang'ane zimene mwana amachita posema. Amayamba waganiza, popeza chimene wasema sichibwerera, ndipo chofufutira chilibe ntchito pamenepa. Amasankha chofunika ndi kusiya chosafunika, pakuti ali ndi kuda ndi kuyera basi. Amazindikira kuti lamanja lidzatuluka kumanzere, ndipo akafuna kuika dzina lake ayenera kudziwa maonekedwe a lemba lililonse mpaka kulitembenuza. Kudekha, kuyang'anitsitsa ndi kukonzeratu ntchito zimafunikanso pa masamu ndi pa chimangirizo. Kuonjezera apo, chosema chimodzi chimadinda zithunzi zokwanira kalasi yonse, kotero kuti sukulu yosowa mabuku ikhoza kudzipangira makadi a malemba ndi zithunzi zophunzitsira.

Tsono poyamba phunziroli musayambe ndi mpeni. Atulutseni ana panja, kapena atumeni madzulo akayang'ane chinthu chimodzi kwawo: amayi akupeta, mzere wa pa chigayo, ngolo, asodzi akukoka khoka, malukidwe a lichero kapena mizere ya pa mbiya. Amene ali pafupi ndi mapiri a Chongoni ku Dedza ali ndi mwayi wina, pakuti kumeneko kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. M'mawa mwake mwana afotokoze pakamwa zimene waona, kenaka ajambule, ndipo pomaliza aseme. Mbuzi yake ikatuluka ndi miyendo yokhota, musamulande chosemera kuti mumukonzere. Mufunseni kuti mbuziyo imachita chiyani pamene anaiona, ndipo mwina mudzapeza kuti imadzikanda. Podinda, mwana aliyense atulutse zithunzi zosachepera zitatu: chimodzi cha pakhoma la kalasi, china cha mnzake, china chopita nacho kwa makolo.

Sitikunena kuti m'kalasi iliyonse muli Muafangejo. Ana ambiri adzasema kawiri kapena katatu, nadzakhala alimi, anamwino, amalonda kapena aphunzitsi, ndipo zimenezo nzabwino. Iwonso adzakhala atadziwa kuti za pakhomo pawo nzoyenera kuikidwa pa pepala. Koma m'mera mpoyamba, ndipo palibe mphunzitsi amene angadziwiretu kuti mwa ana amene akhala pansi patsogolo pake ndi uti amene dzanja lake likudikira kachitsulo. Kawirikawiri amakhala mwana wachete uja, amene dzina lake silimveka pa masamu kapena pa Chingerezi.

Chotero pempho lathu kwa inu anzathu amene mukukonzekera kukayesera kuphunzitsa ndi ili: musanachoke pa koleji, pezani patapata lotha ndi chitsulo cha ambulera, museme chinthu chimodzi cha kwanu, ndipo muchidinde katatu. Choyamba chidzatuluka chothimbirira, ndipo mwina dzina lanu lidzawerengeka chobwerera. Chisungeni chimenecho, mukachionetse kwa ana anu tsiku loyamba, kuti akadziwe kuti aphunzitsi awo nawonso anayambira pomwepo.